Mwana wa mphawi ndi ofesi ya ahedi

Chaka cha sukulu chikamayamba mu Seputembala, pa sukulu za pulaimale pamachitika kamsonkhano kamene makolo ambiri sakadziwa n'komwe. Ahedi amakhala pansi ndi achiwiri awo pamodzi ndi aphunzitsi onse n'kuyamba kugawa ntchito: uyu atenga Sitandade 8, uyu Sitandade 5, awa awiri athandizana ku Sitandade 7. Amagawanso zipinda, madesiki ndi mabuku. Kamsonkhanoka sikatha tsiku lonse, ndiponso sikalira ndalama ngakhale tambala imodzi. Koma zimene agwirizana pamenepo n'zimene zimaonetsa ngati mwana wa mayi wodalira ganyu adzadziwe kuwerenga, kapena adzangotha zaka zitatu akupita kusukulu n'kubwerako chimanjamanja.

Pa sukulu zambiri magawidwe ake ngodziwika kale. Chipinda chabwino, cha simenti pansi, chokhala ndi chitseko ndi madesiki, chimapita kwa a Sitandade 8. Aphunzitsi odalirika, amene sajomba, amapitanso komweko, nthawi zina atatu, aliyense ndi phunziro lake, pamene ana ake ndi ochepa kuposa kalasi ina iliyonse. Sitandade 1, imene kawirikawiri imakhala ndi ana opitirira 100, imapatsidwa mphunzitsi mmodzi ndi mthunzi wa mtengo wa mango. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi aziphunzitsa ana 60, ndipo pali sukulu zimene mukawerenga ana onse n'kugawa ndi aphunzitsi onse mumapeza kuti sizili kutali ndi nambala imeneyi. Vuto limaoneka mukalowa m'makalasi: kumtunda kuli mpata, kumunsi ana achita kuthinana.

Ahedi amene amagawa chonchi sikuti ndi ouma mtima. Akuyankha funso limene aliyense amawafunsa. Bungwe la MANEB likatulutsa zotsatira za mayeso a Sitandade 8, nkhani imamveka pa wailesi, imalembedwa m'nyuzipepala, imakambidwa pa chigayo ndi pa mjigo. Mafumu, makolo, akomiti ndi akuluakulu a maphunziro kuboma amafuna kudziwa chinthu chimodzi: mwakhozetsa angati, ndipo angati asankhidwa kupita kusekondale ya boma yogonera komweko? Ndi anthu ochepa kwambiri amene amafika pa ofesi ya ahedi n'kufunsa kuti mwa ana a Sitandade 2, ndi angati amene angawerenge chiganizo chimodzi cha Chichewa popanda kuwathandiza. Choncho mphamvu zonse za sukulu zimathamangira kumene kukuchokera mbiri.

Tsoka lake n'lakuti mwana wa mphawi nthawi zambiri safikako ku Sitandade 8. Madesiki aja sadzawakhalira, aphunzitsi odalirika aja sadzakumana nawo. Kafukufuku wa MICS amene ofesi ya boma ya ziwerengero ya National Statistical Office inachita mu 2019 ndi 2020 mothandizidwa ndi UNICEF anapeza kuti mwa ana 100 a zaka zapakati pa 7 ndi 14, ana 19 okha ndi amene ankatha kuwerenga kankhani kapafupi n'kuyankha mafunso ake. Ziwerengero za unduna wa maphunziro za zaka zaposachedwapa zimaonetsanso kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana anayi a kupulaimale amabwereza kalasi chaka chilichonse, ndipo kubwereza kumachuluka kwambiri m'makalasi oyambirira. Mwana wa kubanja lopezako bwino akabwereza, makolo amamupezera mphunzitsi wapadera kapena amamusamutsira kusukulu yolipira. Mwana wa mphawi akabwereza kawiri amakhala wamtali kuposa anzake onse, anzake amayamba kumuseka, ndipo kunyumba amayamba kuona kuti bola azikathandiza kumunda.

Kuti mumvetse mmene mwana amasowera pa sukulu ali pomwepo, imani kumbuyo kwa Sitandade 1 yophunzirira panja m'mwezi wa Febuluwale. Bolodi alitsamiritsa pa tsinde la mtengo. Mphunzitsi walemba a, e, i, o, u ndi choko chimene chatsala kachidutswa, ndipo akufuula kuti mawu ake afike kumapeto kwa khamulo. Ana a kutsogolo, amene anafika msanga chifukwa kwawo n'kufupi ndiponso anadya kanthu, akubwereza mokweza. Kumbuyo kwenikweni kwakhala kamtsikana kamene kayenda mtunda wautali m'mame, kanyamula kope long'ambika pakati m'pepala la shuga, pensulo kalibe. Bolodi sikakuliona bwino. Kakutsegula pakamwa pamodzi ndi anzake, moti woona patali angaganize kuti kakuphunzira. Mitambo ikachita bii, mphunzitsi amauza ana onse kuti athawire kunyumba, phunziro lathera pomwepo. Mwana ameneyu angathe kutha chaka chathunthu mphunzitsi asanamutchulepo dzina, ndipo palibe amene angamudzudzule mphunzitsiyo, chifukwa munthu mmodzi sangaloweze mayina a khamu lotere.

Zinthu zinafika pamenepa bwanji, akuluakulu amakumbukira. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi linathetsa fizi ya kupulaimale, ndipo m'chaka chimodzi chokha chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Chinali chinthu chabwino kwambiri, chifukwa ana amene anakhamukira kusukuluwo anali omwewo amene makolo awo ankalephera kulipira. Koma zipinda zinalibepo, mabuku analibepo, ndipo boma linalemba mwachangu aphunzitsi masauzande ambiri amene anali asanapite kukoleji, n'kudzawaphunzitsa pambuyo pake ali pa ntchito kudzera m'ndondomeko ya MIITEP. Khomo linatseguka, koma mkati munalibe malo okwanira, ndipo mpaka lero sitinakwanitse. Pa zonsezi, munthu amene anasiyidwa kuti aone chochita ndi ahedi.

Nanga ahedi mmodzi angasinthe chiyani, popeza salemba aphunzitsi ntchito, sawalipira, ndiponso ndalama zomangira zipinda alibe? Funsoli linayesedwa m'dziko mwathu muno, osati kunja. Pansi pa pulojekiti ya MESIP, imene inayamba mu 2016 ndi thandizo la Global Partnership for Education kudzera ku Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, aphunzitsi aakulu, achiwiri awo ndi alangizi a m'zoni amene timawatcha a PEA anapatsidwa maphunziro a utsogoleri, kenako n'kumayenderedwa pa sukulu zawo. Anawaphunzitsa zinthu zitatu: kugwiritsa bwino ntchito zochepa zimene sukulu ili nazo, kulimbikitsa aphunzitsi, ndi kukonza sukulu kuti mwana aliyense, ngakhale wotsalira, aziwerengedwa. Akatswiri anayi, Salman Asim, Ravinder Casley Gera, Donna Harris ndi Stefan Dercon, anatsatira sukulu 1,198, n'kuyerekeza zimene atsogoleri ake analandira maphunzirowa ndi zimene sanalandire. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2024, zinaonetsa kuti ana a m'sukulu za atsogoleri ophunzitsidwawo anakhoza bwino mayeso ngati kuti awonjezeredwa masabata pafupifupi asanu ndi atatu a kuphunzira, ndipo ochuluka anapitirira kukalasi yotsatira.

Chimene chimandigwira mtima pa kafukufukuyu ndi gwero la kusinthako. Ofufuzawo anapeza kuti mbali yaikulu inachokera ku makalasi obwereza, aja othandiza ana otsalira. Ana a Sitandade 1 ndi 2 amaweruka msanga kuposa akuluakulu, ndiye pamatsala nthawi ndi malo. Ahedi akakonza zoti ana amene sakudziwabe malembo atsalire kwa kanthawi, mphunzitsi amakhala ndi kagulu kochepa, amatha kuyang'ana kope la mwana aliyense, kumugwira dzanja polemba, kumva pamene akuphonya. Kamtsikana ka kumbuyo kaja kamakhala kutsogolo kwa nthawi yoyamba. Koma makalasi amenewa sachitika okha. Mphunzitsi amene wafuula m'mawa wonse amafuna kukapuma, ndipo ali ndi chifukwa. Pamafunika ahedi woti aike nthawiyo pa ndandanda wa maphunziro, apemphe mphunzitsi wa kumtunda amene ali ndi maola opuma kuti atsike adzathandize, ndipo iwo eni akaimepo kuti aone kuti zikuchitikadi. Kumene ahedi amangolengeza pa asembule n'kubwerera mu ofesi, zimatha sabata yachiwiri.

Kutsitsa mphunzitsi waluso kuchoka ku Sitandade 8 kupita ku Sitandade 1 si nkhani yamasewera. Pakati pa aphunzitsi pali maganizo akuti kuphunzitsa ana aang'ono n'kutsitsidwa udindo, kapena kuti ndi ntchito ya amayi okha. Mphunzitsi wotsitsidwayo angathe kukwiya, makolo a ana a Sitandade 8 angathe kudandaula kwa amfumu, ndipo zipatso zake sizidzaoneka pa mayeso a MANEB mpaka patapita zaka zisanu ndi ziwiri, mwina ahediwo atasamutsidwa kale. Apa m'pamene utsogoleri umaonekera, chifukwa pamafunika kukhala pansi ndi anthu onsewa n'kuwafotokozera mpaka amvetse. Makolo athu anati m'mera mpoyamba, ndipo mlimi aliyense wokhala pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi (PTA) amadziwa kuti chimanga chimene chinafooka chili chaching'ono sichidzabereka bwino ngakhale muchithire feteleza chitamasula ngaiyaye.

Ulamuliro wina wa ahedi uli pa chipata. Kuyambira mu 1994 ndondomeko ya boma imati yunifolomu siyokakamiza kupulaimale, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 limati maphunziro a kupulaimale ndi aulere komanso mwana aliyense ayenera kupita. Komabe kwa zaka zambiri ana akhala akubwezedwa pa sukulu chifukwa cha yunifolomu, ndalama ya chitukuko, ndalama ya mlonda, ndalama yosindikizira mayeso a pa teremu kapena ya lipoti. Mawu ake timawadziwa tonse: bwerera kunyumba, usabwere mpaka utabweretsa ndalama. Sukulu imakhala ikusowadi ndalamazo, mlonda amafunadi malipiro ake. Koma mwana amene wabwezedwa sapita kukatenga ndalama, chifukwa kunyumbako kulibe. Amakhala sabata imodzi, mwina ziwiri, ndipo akabwerera amapeza anzake apita patali. Ahedi wanzeru amatenga nkhani ya ndalama n'kuisiya pakati pa akuluakulu okhaokha, komiti, makolo ndi nyakwawa, mwana n'kumusiya m'kalasi. Kholo limene lilibe ndalama lingathe kuumba njerwa, kututa mchenga kapena kusesa, ndipo banja limene likuyendetsedwa ndi agogo okalamba kapena ndi mwana mnzake liyenera kungokhululukidwa.

Chimodzimodzi ndi chilango cha ochedwa. Ana amene amachedwa tsiku ndi tsiku kawirikawiri ndi omwewo okhala kutali, otunga madzi asananyamuke, osamalira kholo lodwala. Akafika n'kupatsidwa chikwakwa kuti atchetche kapena khasu kuti akumbe dzenje la zinyalala anzawo ali m'kalasi, ndiye kuti ataya phunziro loyamba chifukwa cha mtunda, lachiwiri chifukwa cha chilango. Mwambo ndi wofunika pa sukulu, sindikutsutsa. Koma chilango chimene chimalanda mwana phunziro chimapweteka kwambiri mwana amene alibe kwina kokaliphunzira, ndipo ahedi ali ndi mphamvu zolamula kuti ntchito zotere zizichitika akaweruka.

Pali buku lina pa sukulu limene limanyozeka koma lingathe kupulumutsa ana ambiri, kaundula woitanira mayina. Pa sukulu zina limadzazidwa mothamanga pamene amva kuti a PEA akubwera. Pa sukulu zoyenda bwino ahedi amaliwerenga Lachisanu lililonse, chifukwa mwana sasiya sukulu tsiku limodzi. Amayamba ndi kujomba tsiku la msika. Kenako amajomba masiku atatu pa sabata m'miyezi ya njala, Januwale ndi Febuluwale, pamene banja lonse lili pa ganyu yopalira ndi kubandira m'minda ya ena. Kumadera a fodya monga Kasungu, Dowa ndi Mchinji amasowa nthawi yothyola ndi kusoka fodya. Kunyanja, ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, anyamata amakopeka ndi ndalama ya pompopompo ya usodzi. Zonsezi zimaoneka m'kaundula mwanayo asanatayike, ngati pali wina woliyang'ana. Ahedi akaona dzina lili ndi mipata yambiri amatuma uthenga kwa amayi a gulu la amayi, aja a mother group, amene amadziwa khomo lililonse m'mudzimo ndipo amalankhula ndi kholo ngati mnansi, osati ngati bwana. Nkhani ikakula imapita kwa amfumu. M'madera ena a m'chigawo chapakati mafumu anagwirizana ndi eni dambwe kuti gule wamkulu azikusa ana ojomba m'mawa kupita nawo kusukulu.

Mafumu akafuna, zinthu zimayenda. Mfumu yaikulu Theresa Kachindamoto ya ku Dedza inadziwika dziko lonse lapansi chifukwa chothetsa maukwati a ana mazanamazana n'kuwabwezera kusukulu, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti pasapezeke ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Ndondomeko yolola mtsikana amene anabereka kubwerera kusukulu inakhazikitsidwa kale mu 1993 ndipo yakhala ikukonzedwanso. Koma mfumu ndi lamulo zimangomufikitsa mtsikanayo pa chipata. Zoti akhalitsa kapena athawanso zili m'manja mwa ahedi. Ngati mphunzitsi amutcha "mayi" pamaso pa kalasi kuti anzake aseke, ndipo ahedi amva koma osachitapo kanthu, mtsikanayo sabweranso. Ngati pa sukulu palibe chimbudzi chotseka ndi kachipinda kosinthira kokhala ndi madzi ndi sopo, atsikana otha msinkhu amajomba masiku angapo mwezi uliwonse, ndipo amene amajomba kwambiri ndi amene sangagule zodzitetezera za m'sitolo. Ndipo ngati mphunzitsi wina akunyengerera atsikana, ahedi amene amabisa nkhaniyo poteteza mbiri ya sukulu wapereka ana a anthu osauka, chifukwa ndi amene makolo awo alibe mawu okafika nawo kuboma.

Za phala sizifuna kufotokoza kwambiri. Bungwe la Mary's Meals linayamba ntchito yake m'Malawi muno mu 2002 ndi ana pafupifupi 200, ndipo lero pamodzi ndi World Food Programme ndi boma akudyetsa ana ochuluka zedi. Kumene kuli phala ana amabwera. Gawo la ahedi ndi kuonetsetsa kuti amayi ophika asinthana bwino, nkhuni zilipo, matumba a ufa sakutuluka pa khomo la kumbuyo, ndipo phala lapsa msanga kuti lisadye nthawi ya maphunziro. Palinso tinthu tina tosalira ndalama: mwana wachialubino kapena wosaona bwino akhale kutsogolo ndipo aziloledwa kuvala chipewa, mwana wosamva bwino akhale poti aziona pakamwa pa mphunzitsi. Aphunzitsi a ana olumala amene amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi sukulu zathu, choncho pa sukulu zambiri woyamba kuzindikira mwana wotere ayenera kukhala ahedi ndi aphunzitsi ake.

Tisawasenzetse ahedi katundu yense ngati kuti boma lilibe mlandu. Aphunzitsi amatumizidwa ndi ofesi ya maphunziro ya kuboma, ndipo n'zodziwika kuti sukulu za pafupi ndi tauni ndi misika ikuluikulu zimadzaza aphunzitsi pamene za kumudzi kwenikweni, zopanda nyumba za aphunzitsi, magetsi ndi msewu, zimasowa. Ndalama zothandizira sukulu za SIG, zimene zinayamba cha m'ma 2010, n'zochepa ndipo nthawi zambiri zimafika mochedwa, mitengo ya zinthu itakwera kale. Mu 2020 sukulu zinatsekedwa miyezi ingapo chifukwa cha Covid-19, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa zipinda zambiri m'chigawo chakumwera, zina n'kusanduka misasa ya anthu othawa madzi. Ahedi ambiri nawonso ali ndi kalasi yawoyawo yophunzitsa, kwinaku akulemba malipoti, kulandira alendo ndi kupalasa njinga kupita kumisonkhano ku TDC, likulu la aphunzitsi la m'zoni. Ndipo ambiri anangolandira kalata yowauza kuti kuyambira lero ndinu ahedi, osaphunzitsidwako tsiku ndi limodzi lomwe za kayendetsedwe ka sukulu.

Mpake kuyang'ana zimene unachita mzinda wa Sobral, m'chigawo cha Ceará kumpoto chakum'mawa kwa Brazil, dera losauka m'dzikolo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 akuluakulu a mzindawu atayesa ana a makalasi oyambirira anapeza kuti ambiri sankatha kuwerenga. Anaika cholinga chimodzi patsogolo, chakuti mwana aliyense azidziwa kuwerenga m'zaka zoyambirira za sukulu. Analeka kusankha aphunzitsi aakulu potengera ndale kapena chibale, n'kuyamba kuwasankha powayesa, kuwaphunzitsa ndi kuwayendera pafupipafupi. Pofika mu 2017 Sobral anali pamwamba pa mizinda yonse ya Brazil pa muyeso wa boma wa maphunziro a kupulaimale. Brazil ndi dziko lolemera kuposa lathu ndipo si zonse zimene tingatengere. Koma kusankha ahedi chifukwa cha luso, ndi kuwayeza ndi zimene ana aang'ono akudziwa, sikulira chuma cha Brazil.

Maphunziro a utsogoleri ngati a MESIP aja sayenera kudikira pulojekiti ya mabungwe akunja. Aliyense wopatsidwa sukulu aziyamba wawalandira, pamodzi ndi wachiwiri wake, chifukwa ndi amene amatsala pa sukulu ahedi akachoka. Amayi ochuluka apatsidwe udindowu, makamaka kumudzi kumene mtsikana angathe kumaliza pulaimale asanaonepo mayi akuyendetsa sukulu. A PEA akafika pa njinga yamoto yawo asamathere mu ofesi kusaina mabuku. Apite ku Sitandade 2, atenge ana khumi a kumbuyo, awapatse buku kuti awerenge, afunse kuti makalasi obwereza amachitika masiku ati, ndi kuti ana amene anasowa teremu yatha anatsatidwa ndi ndani. Nawonso makolo ali ndi mpata, chifukwa dongosolo la chitukuko cha sukulu limene limatsogolera kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za SIG limayenera kukonzedwa ndi komiti, PTA, gulu la amayi ndi anthu a m'mudzi pamodzi ndi aphunzitsi. Kholo limene mwana wake ali Sitandade 1 lili ndi ufulu wonse woimirira pa msonkhano umenewo n'kufunsa kuti chipinda chimene changomangidwa kumene chipita kwa kalasi iti, ndipo aphunzitsi angati aikidwa kwa ana aang'ono chaka chino.